Yambani ndi Dennis Brain, achimwene

Mwafunsa kuti pa ma concerto a horn a Mozart (nyimbo zoimba lipenga la horn mothandizidwa ndi gulu la zida zina) muyambe kumvera ya ndani, ine sindichedwa, sakani ya Dennis Brain yomwe anajambula ku London mu 1953 ndi Philharmonia Orchestra, wotsogolera anali Herbert von Karajan. Ndi yakale ndithu, ya mono, musayembekezere kuti izimveka ngati za lero, koma mmene Brain amaimbira lipengalo ngati sakuvutika nkomwe, pomwe horn ndi chida chovuta kwabasi, mlomo kungotsetsereka pang'ono noti yathawa. Anamwalira pangozi ya galimoto mu 1957 ali ndi zaka 36 zokha, zachisoni zedi.

Ma concerto onse alipo 4 ndipo Mozart analembera mnzake Joseph Leutgeb, nthawi imeneyo horn inalibe mavavu, woimba amasintha manoti polowetsa dzanja kukamwa kwa lipengalo. Mukafuna kumva zimenezo pezani ya woimba horn Anthony Halstead ndi wotsogolera Christopher Hogwood, manoti ena amamveka ngati otsekeka mphuno koma ine ndimawakonda choncho.

Ma concerto a horn a wopeka nyimbo wina, Richard Strauss, musathamangire, mudzamvere mukazolowera kaye Mozart.