Kwa Amalume, za bwalo la ku Roma lija

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Funso lanu pa gulupu ndaliona, ndiye ndati ndingolankhula, kulemba zala zingatope. Mwafunsa ngati bwalo lalikulu lili pa zithunzi zija ndi mmene anapheramo Petro ndi Paulo, komanso ngati ndi mmene ankaponyera Akhristu kwa mikango, poti mukufuna mukazitchule polalikira Lamulungu. Achemwali nawonso aponyapo kawo, ati munthu wanzeru zake angatulutse ndalama kukaona nyumba zogumuka? Achemwali dikirani kaye, ndikufikani.

Za Petro ndi Paulozo ayi, Amalume, musakanene pa guwa, wina wowerenga angakutapeni m'kamwa. Bwalo limene lija, Colosseum, anayamba kulimanga cha m'ma 72 Yesu atabadwa, mfumu yake Vespasian, ndipo amene analitsegulira ndi mwana wake Titus mu 80. Apo n'kuti Petro ndi Paulo atapita kale. Iwo anaphedwa m'nthawi ya mfumu Nero, ndipo Neroyo anafa mu 68. Pamalo pali bwalopo m'masiku a Nero panali dziwe lochita kukumba, la kunyumba yake yachifumu. Vespasian, pofuna kuti anthu amukonde, anaphwetsa dziwelo n'kumangapo bwalo la anthu onse. Akhristu amene Nero anawanamizira kuti ndiwo atentha mzinda mu 64, ambiri anaphedwera kutsidya kwa mtsinje wa Tiber, kumene lero kuli Vatican. Mbiri ya mpingo wakale imati Petro anapachikidwa komweko, pomwe Paulo anadulidwa mutu kunja kwa mzinda, chakumwera.

Nanga mikango ija? Zoti Akhristu ankaponyedwa ku zilombo mu ufumu wa Aroma, zimenezo n'zoona ndithu. Mukafuna chitsanzo chosakayikitsa, tchulani Perpetua ndi Felicity, amayi awiri amene anaphedwa mu 203 m'bwalo la ku Carthage, mu Africa momwemo, dziko la Tunisia lero. Mu Colosseum namo ankaphamo anthu oweruzidwa, makamaka masana: m'mawa kusaka nyama, dzuwa lili paliwombo kupha oweruzidwawo, kenako amuna omenyana ndi malupanga aja. Koma mbiri yoti ano ndi malo a Akhristu ofera chikhulupiriro inakula patapita zaka zambirimbiri, ndipo anadzaikhazikitsa ndi Papa Benedict XIV cha m'ma 1750. N'chifukwa chake mukuona mtanda pa chithunzi chachiwiri chija, ndiponso Lachisanu Loyera Njira ya Mtanda amachitira pamenepo.

Koma mkatimo, iii, Amalume! Ukangotuluka pa sitima yapansi, chinthucho chimangoti ndendende pamaso pako, kutalika pafupifupi mamita 48. Munkalowa anthu ngati 50,000, kuposa a m'bwalo la Bingu ku Lilongwe, popanda magetsi, popanda chimkuzamawu. Zipata zinali 80, ndipo pamwamba pa zina manambala ake akuonekabe mpaka pano, ogoba pamwala, kuti munthu adziwe polowera. Pokhala panalinso mwambo wake: akuluakulu a boma pansi pafupi ndi mchenga, amayi ndi amphawi kumwamba kwenikweni. Pakati paja mukuona ngati timakoma ta nyumba yosafolera, pamenepo sipanali pomenyanirana ayi, kunali kunsi. Pamwamba pake ankayalapo matabwa n'kuthira mchenga woti uzimwa magazi. Kunsiko ndiye kunali tinjira ndi zikwere zokoka ndi zingwe, akapolo akupukusa mumdima, kuti chilombo chingotulukira pakati pa bwalo mwadzidzidzi. Wolemba mbiri wina wa nthawi za Aroma, Cassius Dio, anati pa masiku 100 a chikondwerero chotsegulira anapha nyama 9,000. Zambiri mwa nyama zotere ankazitenga kumpoto kwa Africa. Anthu amajambulitsa akumwetulira mmenemo, nanenso ndinajambulitsa, koma ndikamaganiza bwino, malo aja ndi ophera basi, omangidwa mwaluso.

Makoma onse ali zibowozibowo. Poyamba ungati ndi zipolopolo, koma ayi, ndi anthu amene ankagoba kuti azulemo zitsulo zolumikizira miyala. Mbali imodzi inagwa ndi chivomezi mu 1349, ndipo miyala yake anthu ankangotuta kukamangira matchalitchi ndi nyumba za olemera.

Tsono chimene ndikufuna mukalalikire, Amalume, si bwalolo. Mukatuluka n'kukwera kamtunda polowera ku Forum, pakati pa mzinda wakale, pali chipata cha mwala choima pachokha, cha Titus yemwe uja. Poyerekeza ndi Colosseum n'chaching'ono, moti anthu ambiri amangochilambalala, maso ali pa foni. Anachimanga cha m'ma 81, Titus atamwalira, pokumbukira mmene anagonjetsera Yerusalemu mu 70. Mukaima pafupi n'kusuzumira mkati mwake, pakhoma anasemapo asilikali ali pamdipiti, atasenza katundu wa m'Kachisi. Choikapo nyale cha nthambi zisanu ndi ziwiri chija chili pa mapewa awo, chooneka bwinobwino. Malipenga alipo, gome la mkate woonetsa liliponso. Mitu ya asilikali ena inaperepeseka, koma choikapo nyalecho ungawerenge nthambi zake ndi chala. Ine pamenepo ndi pomwe ndinaima nthawi yaitali, mpaka anzanga kundisiya. Paja pa Marko 13 Ambuye anauza ophunzira, pamene iwo ankagoma ndi miyala ya Kachisi, kuti sipadzatsala mwala pamwamba pa unzake? Amene anagwetsa Kachisiyo anadzijambula okha pamwala, akunyadira. Ndipo akatswiri amene anafufuza mabowo a zilembo zakale pa mwala wina wa mu Colosseum amati bwalolo linamangidwa ndi chuma cholanda kunkhondo, ndiye ambiri amakhulupirira kuti ndi chuma cha ku Yerusalemu chomwecho. Mwaona? Baibulo lilimo m'nkhaniyi, koma lalowera khomo lina, osati limene munkaliganizira.

Kutsika pamenepo umayenda pa msewu wakale wa Via Sacra, miyala yakuda ikuluikulu, yoterera, yosalingana. Nsapato za gogoda mmenemo ndi kudzipha. Forum ndiye panali pakati pa mzinda: msika, makhoti, akachisi, nyumba ya aphungu, zonse pamodzi. Kunena zoona, ukapanda wokufotokozera umangoona nsanamira zitatu apa, mulu wa njerwa apo, dzuwa likukuswa pamutu, mthunzi wosowa. Pali kamalo kena kofoleredwa, kamulu ka dothi ndi miyala, pamene anawotchera mtembo wa mtsogoleri wa Aroma Julius Caesar mu 44 Yesu asanabadwe, ndipo anthu mpaka lero amaponyapo maluwa ndi makobidi. Kumapeto kwa Forum kuli ndende ya Mamertine, kachipinda ka pansi kamene akaidi ankawatsitsiramo pa bowo. Anthu a mpingo amati Petro ndi Paulo anasungidwamo, koma buku la Machitidwe limangonena kuti Paulo anakhala zaka ziwiri m'nyumba yochita kulipira yekha, ali ndi msilikali womulondera. Ndiye mukaitchula ndendeyo, muziti "amati".

Pamwamba pa phiri la Palatine ndinafika miyendo itatha kale. Kumeneko kuli nyumba ya Augustus, Kaisara uja analamula kalembera amene anapititsa Yosefe ndi Mariya ku Betelehemu. Utoto wofiira wa pamakoma a zipinda zina ukadalipo. Ukayang'ana kumunsi mbali inayo umaona chidambo chachitali, Circus Maximus, kumene ankapikisana pa magaleta a akavalo, ndipo kumeneko kunkalowa anthu ochuluka kuposa mu Colosseum kutalitali. Lero anthu amangoyendetsako agalu.

Tsopano Achemwali. Eee, ndinalipira, ndipo sindikudandaula. Tikiti yake ndi imodzi ya malo atatu onsewa, bwalo, Forum ndi Palatine. Umagula pa intaneti kusanafike tsikulo, amalembapo dzina lako ndi ola lolowera, ndiye chiphaso chisatsale kunyumba. Lamulungu loyamba la mwezi amalowetsa ulere, koma mzere wake ungakomoke. Madzi musagule kwa anyamata oyenda nawo m'manja aja, mipopi ya m'misewu ilipo yambiri, madzi ake ozizira, aulere, kumangodzaza botolo. Chikwama chizikhala kutsogolo mu sitima, apisamthumba ngochenjera kumene kuja. Ndipo musadziderere kuti inu simungagome ndi bwinja: anthu a ku Roma enieniwo anafika poiwala kuti pansi pawo pali chiyani, Forum yonse inakwiririka ndi dothi, ng'ombe zikudya msipu pamwamba pa akachisi kwa zaka mazanamazana, mpaka pamene anayamba kufukula.

Amalume, chithunzi cha choikapo nyale chija nditumiza pachokha, chokulitsa, kuti mukachisindikize ku Boma mukaonetse akulu a mpingo anzanu. Mundiperekere moni kwa amayi kunyumbako ndi ana onse.