Ruby Ikungondiuza Kuti "nil"

Funso: Ndikuphunzira Ruby pandekha. Ndinalemba kapulogalamu kowerengera masheya a banki mkhonde yathu, koma ndikalowetsa dzina la membala watsopano kamaima n'kulemba kuti NoMethodError, nil. Komanso 500 kuphatikiza 200 kakundipatsa 500200. Kodi laputopu yanga yafa?
Wowerenga wa ku Zomba

Yankho: Laputopuyo ilibe mlandu, achemwali. Ruby, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta chimene Yukihiro Matsumoto wa ku Japan anatulutsa mu 1995, sifufuza mtundu wa zinthu pulogalamu isanayambe. Imadikira mpaka mzerewo ufike, ndiye n'kudandaula.

Za 500200 n'zosavuta. Chilichonse chimene `gets` (lamulo lolandira zimene munthu walemba pa kiyibodi) yalandira chimakhala mawu, ngakhale mutalemba nambala, ndipo chizindikiro cha + chimangolumikiza mawu. Lembani `gets.to_i` basi, kuti mawuwo asanduke nambala.

Nkhani ya nil ndiyo yofunika kuimvetsa bwino. Ndikukhulupirira kuti masheyawo mukusunga mu Hash, mndandanda umene dzina lililonse limakhala ndi mtengo wake. Mukafunsa dzina limene mulibemo, Ruby imabweza nil, kutanthauza kuti palibe kanthu. Nil nayonso ndi object (chinthu cha mu pulogalamu) ngati zina zonse, kungoti sidziwa kuphatikiza, n'chifukwa chake mukuona NoMethodError. Choncho poyambira lembani `masheya = Hash.new(0)`, membala watsopano aziyambira pa ziro.

Koma apa pali msampha. Mukalemba "Chikondi" lero, mawa "chikondi", pulogalamu idzatsegula mabuku a anthu awiri mwakachetechete, ndipo pa nkhani ya ndalama za gulu mukudziwa nokha phokoso lake. Ineyo powerenga ndalama za munthu ndimakonda `fetch`, lamulo lotengera zinthu mu Hash, chifukwa imakuwa dzina likasowa.

Tsegulaninso `irb` (poyesera malamulo a Ruby pompopompo) pambali, muziyesamo mzere uliwonse musanauike mu fayilo. Mukakayikira chinthu, lembani `.class` kumapeto kwake, idzakuuzani ngati ndi String (mawu) kapena Integer (nambala).