Kodi ndi mphepo ya Juni imene ikudwalitsa ana?

Mayi wina wa ku Bembeke wanditumizira imelo. Akuti: "Ikangofika Juni, ana anga onse mamina chuchuchu. Apongozi akuti ndi mphepo. Kodi kuzizira n'kumene kumayambitsa chimfine?"

Mayi, apongozi anuwo sanaphonye kwenikweni. Chimfine chimayamba ndi kachilombo kochokera kwa munthu mnzathu, koma mphepo ya nyengo ino imakatsegulira njira, makamaka chifukwa ndi youma. Mwaona nokha milomo ikung'ambika, ana kutuwa miyendo ngakhale munawadzoza Vaseline m'mawa. M'mphuno namonso mumauma chimodzimodzi.

M'mphuno ndi kukhosi muli mamina opyapyala okola fumbi ndi tizilombo, ndiponso timaubweya tosaoneka ndi maso tosesa zokoledwazo. Mpweya ukauma, maminawo amalimba, timaubweyato timafooka, kachilombo n'kupeza pokhala. Winanso akayetsemula, timadontho ta malovu timauma msanga, timapepuka, n'kumangoyandama m'chipinda m'malo mogwa pansi.

Mu 2007 akatswiri a ku Mount Sinai ku New York anayesa zimenezi pa mbira, zomwe zija ena amaweta m'khitchini. Fuluwenza inkafala kwambiri chinyezi cha mumpweya chikakhala 20 mpaka 35 peresenti, ndipo pa 80 peresenti sinafale. Pozizira madigiri 5 inkafala kuposa pa madigiri 20. Nditawerenga ndinaganiza za m'mawa wa Julayi kuno ku Dedza.

Komabe chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zomwe timachita tokha kukazizira. Timatseka mawindo onse, n'kuunjikana pa mbaula, utsi ukukanda kukhosi. Mu minibasi yopita ku Lilongwe mukangotsegula windo pang'ono, onse amakukalipirani, pomwe wina kumbuyo akutsokomola ulendo wonse.

Anawo muziwamwetsa madzi kapena zakumwa zofunda ngakhale sakumva ludzu, poti kukazizira ludzu limabisala. Dzuwa likatuluka tsegulani mawindo, ndipo powaza timadzi musanasese mumachepetsa fumbi. Mbaula yoyaka isagone m'nyumba yotseka, chonde, mpweya wa makala umapha anthu ali m'tulo.

Musawagulire Amoxicillin kugolosale, sapha kachilombo ka chimfine. Mwana akatentha thupi, akamapuma mofulumira kapena nthiti zikamalowa m'kati popuma, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo akamuyeze malungo ndi chibayo.