Mulembetseni msanga, ndipo Chichewa musachisiye pakhomo

Mayi, mwana wanu wa zaka 6 akhoza kulowa sukulu ya international yophunzitsa m'Chingerezi ngakhale Chingerezicho sanachigwire bwino, bola mukamulembetse miyezi ingapo chaka cha sukulu chisanayambe. Mwachitsanzo, pa sukulu ya Bishop Mackenzie ku Area 3 mu Lilongwe, pomwe amatsata maphunziro a IB (International Baccalaureate, ndondomeko ya maphunziro yogwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri), amatsegulira mu Ogasiti.

Tengani satifiketi ya kubadwa ya ku NRB (ofesi ya boma yopereka ziphaso za unzika), buku la kuchipatala losonyeza katemera, ndi malipoti a sukulu imene anali. Akamamuyesa kuti aone kalasi yomuyenera, chonde musamuloweze mayankho. Akamuika kalasi yomupitirira msinkhu, amavutika ndi mwanayo chaka chonse.

Funsani ngati pali mphunzitsi wothandiza ana amene kwawo salankhula Chingerezi, komanso kalasi imene amayambira chilankhulo china monga Chifalansa. Ndalama zonse akulembereni papepala, chifukwa pamwamba pa fizi nthawi zambiri pamabwera yolembetsera, yunifomu ndi maulendo.

Pakhomo pitirizani kumulankhula Chichewa. Mwana wodziwa bwino chilankhulo chake savutika kutola china. Masabata oyamba akhoza kumangokhala chete m'kalasi, zimenezo zisakudetseni nkhawa. Koma ngati ngakhale m'Chichewa mawu akumuvuta kulumikiza, pitani naye kwa dokotala akamuyeze makutu ndi kalankhulidwe.