Za kutalikitsa paipi ya foloko ndi epoxy

Achimwene, mwafunsa ngati mungatalikitse paipi ya foloko, ija imadutsa m'khosi mwa felemu n'kukagwira mahandulo, pomatapo chidutswa china ndi guluu wa epoxy, poti foloko yomwe mwagula pa kaunjika yaperewera. Ine ndikuti musatero, makamaka poti mwanena kuti njingayo mumakwera nayo ku Chawe, paphiri la Zomba.

Epoxy ngati Pratley Steel kapena Araldite ndi wolimba ndithu, koma amagwira bwino pamene zinthu ziwiri zagundana malo aakulu ndipo sizikupindika. Paipi imeneyi sikhala phee. Mukagwira buleki yakutsogolo pamtsetse, tayala limafuna kuima pomwe inu ndi felemu mukukankhirabe kutsogolo, ndiye paipi imapindika pang'ono n'kubwerera, kambirimbiri paulendo umodzi. Mabampu a m'misewu yathu yafumbi amawonjezera. Chitsulo chikatopa nthawi zambiri chimayamba ndi mng'alu kapena kupindika, koma guluu wouma amatha kumasuka mwadzidzidzi, ndiponso polumikizapo pamakhala pobisika m'felemu, simungapaone kuti payamba kulekana. Mahandulo akakutsalirani m'manja pa makona otsika kuphiri aja, ulendo wake ndi wa ku chipatala cha Zomba Central.

Yambani mwatenga maginito muyese paipiyo. Ikakoka, ndi ya chitsulo, ndipo mmisiri wodziwa kuwotcherera ndi gasi ndi brass angathe kulowetsa kapaipi kena mkati, kolowa mbali zonse ziwiri, n'kulumikiza. Koma akhale wodziwadi za njinga. Anzathu owotcherera mageti ndi mawindo ndi magetsi aja amaboola paipi yopyapyala ngati iyi, ndipo ikangokhota pang'ono chiwongolero chimalimba mbali imodzi, ma bearing n'kutha msanga. Maginito ija ikapanda kukoka, paipiyo ndi ya aluminiyamu kapena carbon. Aluminiyamu akawotcheredwa amafooka pamalo otenthawo, carbon ndiye moto sayandikira n'komwe. Zimenezo zisiyeni.

Chotchipa kwenikweni n'kupeza foloko ina. Amakanika a njinga pamsika wa Zomba ndi ku Chinamwali amasunga mafoloko ochotsa pa njinga zakufa. Pitani ndi felemu yomwe, osangoyeza ndi maso. Paipi zofala kwambiri n'zamitundu iwiri: ya 25.4 mm, yomwe nthawi zambiri imakhala ndi mazinga omangirapo nati, monga pa njinga zambiri za kabaza, ndi ya 28.6 mm yopanda mazinga ya pa njinga zamagiya zamakono. Sizisinthana. Onaninso kuti ikugwirizana ndi kukula kwa tayala ndi mtundu wa mabuleki anu.

Paipi ikatalika pang'ono si vuto, mumadula ndi sowo yodulira zitsulo n'kusalaza ndi tupa. Ngati ili ndi mazinga, lowetsani nati kaye mpaka pansi pa malo odulawo, kuti poitulutsa iwongole mazinga. Yopanda mazinga ithere pafupifupi 3 mm pansi pa mlomo wa stem (chitsulo chija chogwira mahandulo), apo ayi kabawuti kapamwamba sikalimbitsa ma bearing.

Mwina munaona pa YouTube ena akumata ndi epoxy. N'zoona kuti mafoloko ena a carbon amabwera ndi kachitsulo komatira mkati kumtunda kwa paipi, koma ntchito yake n'kugwira kabawuti kaja ndi kuteteza paipi kuti stem isaiphwanye. Paipiyo imakhalabe yathunthu, sikuti yalumikizidwa.