FUNSANI ZA LUSO: Amayi azimva bwanji akagwira pulogalamu yanga?

FUNSO

Zikomo akulu. Ndine mtsikana wa zaka 24, ndinaphunzira za makompyuta, ndipo ndikukonza pulogalamu ya pafoni yolembera masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja m'magulu a banki m'khonde. Ndinaiyamba chifukwa amayi anga ndi mlembi wa gulu lawo, ndipo chaka chatha kope lawo linanyowa ndi mvula mpaka manambala ena kufufutika. Pulogalamuyo ikuwerengera bwino, ndayesa kambirimbiri. Koma nditakaionetsa kwa bambo wina amene amalangiza achinyamata oyamba mabizinesi, za masamu sanafunse n'komwe. Anangoti, "Ukufuna amayi ako azimva bwanji mumtima akaigwiritsa ntchito? Ukalembe, ubwere nazo." Nditayankha kuti azisangalala, anaseka. Kodi funso limeneli n'lanzeru, kapena n'zachizungu zongotayitsa nthawi? Ngati n'lanzeru, ndilembe chiyani?

Wowerenga wa ku Chinamwali, Zomba

YANKHO

Achemwali, bambowo sanakusekeni mwachipongwe. Wogulitsa sopo amafuna anthu azisangalala, wophika mandasi chimodzimodzi, woyendetsa kabaza nayenso. Yankho limene likukwanira aliyense silingakuuzeni batani loti muike kapena loti muchotse.

Tsekani kaye kompyutayo, mupite nawo amayi ku msonkhano wa gulu, mukakhale kumapeto kwa mphasa osayankhula. Mukayang'ane bokosi. M'magulu ambiri otsatira njira imene bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991, bokosi la ndalama limakhala ndi maloko 3, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosilo alibe kiyi. Tsono taganizani. Wakuba wobwera ndi nkhwangwa usiku, maloko amenewo angamuletse? Angonyamula bokosi lonselo n'kukaliphwanyira kudambo. Malokowo ntchito yake yaikulu ili m'mitima ya mamembala: mayi akamagona kwawo amadziwa kuti bokosi silingatseguke popanda anthu atatu kuvomerezana. N'chifukwa chakenso ndalama amaziwerenga mokweza, kawiri, anthu onse akuona, ngakhale kuti msungichuma akanatha kuwerenga yekha mwachangu.

Pulogalamu yanu, monga mwaifotokozera, ikuwerengera mwakachetechete m'foni ya munthu mmodzi. Mwachotsa maloko atatu aja, kiyi mwapereka kwa mlembi. Manambala akhoza kukhala olondola mpaka tambala yomaliza, koma mayi amene sadziwa zomwe zikuchitika mu Mose wa leroyo adzayamba kung'ung'udza panjira yopita kumjigo, ndipo woyamba kunenedwa adzakhala amayi anu omwewo.

Zoti n'zachizungu, inde dzina la maganizo amenewa linachokera kunja. Mawu oti user experience anawatchukitsa Don Norman atayamba ntchito ku Apple mu 1993, pofuna kuti anzake aziganizira zonse zimene munthu amadutsamo ndi chipangizo, osati zooneka pa sikirini zokha. Koma chitsanzo chimene ndimachikonda ine n'cha galimoto. Akampani ya Mazda ku Japan pokonza kagalimoto ka MX-5 kamene kanatuluka mu 1989, anasankha mawu akale a kwawo oti jinba ittai, kutanthauza wokwera ndi hatchi yake kukhala thupi limodzi. Mawuwo sanangowapachika pakhoma. Ndiwo ankagamula milandu. Galimotoyo inatuluka yopepuka, ya mipando 2, injini yaing'ono ya malita 1.6, chifukwa chilichonse cholemera chikanamulekanitsa dalaivala ndi msewu. Anataya mipando ya kumbuyo ndi liwiro lodzitamira nalo. Muyeso wanga ndi umenewo: ngati zomwe mwalembazo sizikukukakamizani kutaya chinthu chimene mumachikonda, simunalembe kanthu.

Ine ndinaphunzira izi mochititsa manyazi. Zaka zapitazo ndinali m'kagulu kokonza pulogalamu yolembera makilogalamu a soya ndi mtedza pamalo ogulira mbewu. Papepala tinalemba kuti alimi "azidziona amakono". Ndiye tinadzazamo Chingerezi, zithunzi zoyendayenda, ndi kamawu kolira munthu akamaliza kulemba. Tsiku loyesa, tinapereka foni kwa tcheyamani wa kalabu, bambo wa imvi zawo, jekete atavala ngakhale kunali dzuwa la Okutobala. Anaigwira ndi manja awiri ngati mbale ya eni. Anadina kamodzi, netiweki n'kuvuta, pa sikirini n'kutuluka zilembo zofiira zonena kuti palakwika. Anthu onse anali ataima mozungulira. Bambowo sananene kanthu. Anangoitana mdzukulu wawo, kumupatsa foniyo, n'kubwerera ku sikelo. Madzulo tikumwa thobwa ndinawafunsa. Anati, "Mwana wanga, ine pano anthu amandipatsa ulemu. Ndikaononga chinthu cha eni pamaso pawo, mawa ndiwauza chiyani?"

Zamakono sankazifuna. Ankafuna kusanyozeka. Tinachotsa zoyendayenda zonse, tinaika batani lalikulu loti "Bwererani", ndipo uthenga wofiira uja tinausintha kukhala woti: "Netiweki yavuta, inu simunalakwitse. Zimene mwalemba zasungika." Ntchito ya masiku awiri basi.

Tsono polemba zanu, musalembe liwu limodzi. Lembani chiganizo chonena munthu wake, nthawi yake, ndi chimene chili mumtima mwake. Mwachitsanzo: "Mayi amene wapereka K5,000 ya masheya, podzuka pamphasa mtima wake ukhale m'malo kuti ndalamayo yalembedwa pa dzina lake ndipo anzake onse aona." Pansi pake lembani chimene simukufuna n'komwe: "Mayi amene wachedwa kubweza ngongole asachititsidwe manyazi ndi foni." Chachiwirichi ambiri amachiiwala, koma ndicho chimathandiza kwambiri.

Onani mmene ziganizo ziwirizi zikuyambira kukulamulani. Ngati anzake onse akuyenera kuona, manambala akhale aakulu oti mlembi atembenuze foni, amene ali uko awerenge, ndipo kalembedwe katsatire dongosolo la msonkhano, dzina ndi dzina monga amaitanirana. Ngati mtima ukhale m'malo, aliyense alandire uthenga wa SMS pa kafoni kake ka mabatani, chifukwa si onse ali ndi foni yaikulu kapena bandulo. Kutseka msonkhano kufune anthu atatu, aliyense ndi nambala yake yachinsinsi. Maloko aja abwerera. Mlembi akakonza nambala yolakwika, yakale isafufutike, izioneka yokhwatchidwa ngati m'kope. Ndipo ngati mwaika kale mayina a angongole m'zilembo zofiira pamwamba penipeni, monga timachitira ambiri ife ophunzira makompyuta, chotsani. Gulu lili ndi njira zake zokumbutsira wangongole, ndipo limadziwa amene wadwalitsa mwana mwezi uno. Foni siidziwa.

Nthawi yoopsa kwambiri pa nkhani ya ndalama ndi masekondi a pakati pa kudina ndi kulandira uthenga. Aliyense amene anatumizapo ndalama pa *211# kapena *444# akudziwa mmene mtima umagundira poyang'anitsitsa nambala ija kachitatu. Ku Kenya, kampani ya mafoni ya Safaricom inayambitsa M-Pesa, njira yotumizira ndalama pafoni, mu 2007, koma mu 2015 inawonjezera kanthu kotchedwa Hakikisha, kamene kamaonetsa dzina la wolandira ndi kupatsa wotumiza kamphindi koti aletse ngati walakwitsa. Ndalama sinayambe kuyenda mwachangu chifukwa cha kanthu kameneko. Kanachotsa mantha basi. Jakob Nielsen, katswiri wa za kagwiritsidwe ntchito ka mapulogalamu, amaphunzitsa kuti chinthu chikatenga kupitirira sekondi imodzi munthu amazindikira kuti akudikira, ndipo pofika masekondi 10 maganizo ake achoka. Ku Chinamwali kwanuko masekondi 10 adzadutsa nthawi zambiri. Sikirini isangozungulirazungulira, izinena chimene ikuchita, ndipo mlembi akadina kachiwiri chifukwa cha nkhawa, masheya asalembedwe kawiri.

Palinso tsiku limodzi loti muliganizire kuposa masiku onse: logawana kumapeto kwa chaka. Daniel Kahneman, katswiri wa za kaganizidwe ka anthu, ndi anzake mu 1993 anauza anthu kuviika dzanja m'madzi ozizira madigiri 14 kwa masekondi 60. Ulendo wina anaviika masekondi 60 omwewo, n'kuwonjezera 30 madziwo akufundako pang'ono kufika madigiri 15. Atafunsidwa woti abwereze, ambiri anasankha ulendo wautaliwo, ngakhale unali ndi ululu wochuluka, poti unatha mopepukirako. Munthu amakumbukira pamene panawawa kwambiri ndi pomalizira. Gulu lidzaweruza ntchito yanu ya chaka chonse pa ola limodzi la mu Disembala. Ngati foni idzangotulutsa nambala yoti mayi uyu alandire zakutizakuti osaonetsa njira, mikangano idzabuka. Ionetse poyera: masheya ake ndi awa, mtengo wa sheya imodzi wafika apa, kuchulukitsa kwake n'kumeneku, kuti amene ali ndi pensulo atsimikize yekha.

Mudzadziwa bwanji kuti zatheka? Osati pofunsa kuti "mwaiona bwanji?" Ife Amalawi mwana wa mnzathu akatibweretsera chinthu chimene wavutikira, timati "zili bwino kwambiri, Mulungu akudalitse", kenako n'kubwerera ku kope. Ku Microsoft mu 2002, Joey Benedek ndi Trish Miner anakonza makadi a mawu 118, abwino ndi oipa osakaniza, kuti munthu akatha kuyesa chinthu asankhepo ochepa n'kufotokoza chifukwa chake. Kuloza khadi n'kosavuta kusiyana ndi kunena mawu owawa pamaso pa mwini. Inu 118 ndi ambiri. Dulani katoni, lembani mawu 20 a Chichewa: yodalirika, yosokoneza, yochedwa, yaulemu, yoopsa, yachibwana, yonyada, yomveka, ndi ena otero. Kwa amene kuwerenga kumawavuta, wina awawerengere, koma asakhale inu kapena amayi anu. Anthu asanu akukwanira poyamba. Ndipo yang'anani manja kuposa pakamwa. Chala chikaima m'malere pamwamba pa batani, kapena foni ikaperekedwa kwa mwana, mwayankhidwa.

Kope lija musalithetse chaka choyamba. Liziyenda limodzi ndi foni mpaka amayiwo adzalisiye okha. Likulungeni m'jumbo.

FUNSO

Akulu, ndikukonza tsamba la pa intaneti la shopu yathu yogulitsa zipangizo za sola. Mnzanga akuti ndigwiritse ntchito mtundu wa buluu chifukwa umachititsa anthu kukhulupirira. N'zoona?

Wowerenga wa ku Katoto, Mzuzu

YANKHO

Achimwene, Airtel ndi yofiira, TNM ndi yobiriwira, Standard Bank ndi yabuluu, ndipo konseko anthu amasungitsa ndalama. Sankhani mtundu umene zilembo zake zikuwerengeka munthu ali padzuwa ndi foni yosweka galasi.

Wogula sola nkhawa yake ndi imodzi: batire ikafa pakatha miyezi itatu, ndikamupeza kuti munthuyu? Yankhani zimenezo pamwamba pa tsambalo. Ikani chithunzi chenicheni cha shopu yanu, chikwangwani chikuoneka, osati chithunzi cha mzungu womwetulira chotengedwa pa intaneti. Lembani mtengo poyera ndi tsiku limene mwausintha komaliza, m'malo mwa zija zoti "tipezeni ku inbox". Nenani miyezi ya chitsimikizo ndi zimene mumachita chinthu chikawonongeka. Nambala ya WhatsApp imene muikepo ikhale yoti wina amayankhadi, ngakhale Loweruka masana.