Tilire kapena tivine? Yankho kwa aphunzitsi a ku Dwangwa

Aphunzitsi ena a ku Dwangwa anditumizira imelo. Akuti: "Amereka yatseka USAID, Russia ikumenya Ukraine popanda woileretsa. Kodi dongosolo lija la United Nations ndi IMF latha? Nanga ife amene IMF yatikhaulitsa chonchi, tilire kapena tivine?"

Aphunzitsi, kutha silinathe, koma likudwala, ndipo matendawo anayambira kwa eniake.

Dongosololi linakhazikitsidwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ikutha: IMF ndi World Bank anagwirizana zoziyambitsa mu 1944, United Nations inabwera mu 1945, ndipo pangano la malonda la GATT la mu 1947 ndi lomwe linadzabala bungwe loona za malonda a padziko lonse la WTO mu 1995. Chomwe ambiri amaiwala n'chakuti maboma olemerawo anayamba alonjeza anthu awo: lolani katundu wakunja alowe, ife tikutetezerani ntchito, penshoni ndi thandizo mukadwala. Wantchito wa m'fakitale ku Detroit ku Amereka kapena kumpoto kwa England sankadandaula msonkho wake ukathandiza mayiko ena, poti kunyumba kwake mphika unkatereka tsiku lililonse.

M'zaka za m'ma 1980 lonjezolo linayamba kusuluka. Mabungwe a anthu apantchito anafooka, mafakitale anasamukira komwe malipiro ndi ochepa, makamaka China italowa mu WTO mu 2001. Mu 2008 chuma chitasokonekera, maboma anathamangira kupulumutsa mabanki pomwe anthu wamba ankalandidwa nyumba. Mkwiyo umenewo unathandiza kuti mu 2016 a ku Britain avotere kutuluka mu mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya wa EU, a ku Amereka asankhe Donald Trump. Munthu amene ntchito inamuthera mumuuza bwanji kuti agulire neti mayi woyembekezera wa ku Benga? Britain inadula thandizo lakunja mu 2021, Trump naye anayimitsa lake mu Januwale 2025.

Akuluakuluwonso malamulo awo omwe amawaponda okha. Amereka ndi Britain analowa mu Iraq mu 2003 Security Council, nthambi ya United Nations yoona za mtendere, isanavomereze. Khoti la apilo la WTO linaleka kumva milandu mu Disembala 2019 chifukwa Amereka inkakana kuti oweruza atsopano asankhidwe. Putin wa ku Russia ali ndi pothawira akafunsidwa za Ukraine.

Tsono za kuvinazo. Mkwiyo wanu ndikuumvetsa. Kuyambira 1981 takhala tikumwa mankhwala owawa a World Bank ndi IMF, misika yambiri ya ADMARC inatsekedwa, ndipo mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti kutangotsala masiku ochepa kuti IMF ivomereze ngongole. Malipiro a mphunzitsi sanakwere ndi 44 peresenti, izo mukuzidziwa kuposa ine.

Komabe ng'oma musaimange. Mu Meyi 1992 mayiko otithandiza anakumana ku Paris n'kuyimitsa thandizo lachitukuko mpaka boma la Kamuzu litalemekeza ufulu wa anthu, ndipo mu Juni 1993 tinavota pa riferendamu. Mabishopu ndi anthu omwe anachita zionetsero ndiwo anayambitsa, koma kukankha kwa kunjako kunathandiza. Pitani pachipatala tsiku lolandira ma ARV, muone mzere wa anthu atagwira timabuku tawo tachipatala topindikapindika: mankhwalawo amagulidwa makamaka ndi ndalama za Global Fund. Shuga wa mzimbe womwe mumauona mukamapita kusukulu amaloledwa kulowa mu EU popanda msonkho chifukwa pali lamulo lokomera mayiko osauka, osati chifukwa wina amatikonda.

Ena amati China ilipo. Inde, inatimangira nyumba ya malamulo ku Lilongwe ndi msewu wa Karonga kupita ku Chitipa, koma sindikuiona ikufunsa boma lililonse chifukwa chimene lamangira mtolankhani.

Ndipo yang'anani nyanjayi. Tanzania imati malire kumpoto adutse pakati pa madzi, ife timati ali m'gombe la kwawo, ndipo chomwe timagwira m'manja ndi pangano la Britain ndi Germany la mu 1890. Mapangano akasiya kulemekezedwa, nkhaniyo idzagamulidwa ndi kuchuluka kwa asilikali, ndipo Tanzania ili ndi anthu ochuluka pafupifupi katatu kuposa ife.